Chimanga Chinadikira Bambo a Tadala

Njala ya 2005 inandipeza ndili ku Hull, ndikugwira ntchito ya unamwino m'wodi ya anthu okalamba. Ine sindinagonepo ndi njala chaka chimenecho. Buledi wina ankachita kuwola m'kabati. Komabe mpaka lero anthu akayamba kukamba za chaka chimenecho, ndimanyamuka pamalopo.

M'nyumba tinalimo atatu: ine, mwana wathu Tadala amene anali atangoyamba sukulu, ndi amuna anga a Ganizani, omwe ankaphunzira digiri yachiwiri ya zaulimi ku Bradford. Fizi yawo, lendi, sitima yopitira kusukuluko, zonse zinkachokera m'mashifiti anga. Kumudzi ndinasiya m'bale mmodzi yekha, mng'ono wanga Feliya. Makolo athu anali atapita kale. Feliya anali ndi ana awiri, wamkulu wa kusukulu ndi kamtsikana ka zaka zitatu, Mwandida, komwe ndinkangokadziwa pa chithunzi.

A Ganizani kusukulu ankalemba za nduna ya zaulimi ya ku America, ndipo kulembako kunafika poti munthuyo tinkachita ngati tikukhala naye. Mbiri yake ndinaiphunzira mosafuna, ndikusita yunifolomu. Anakulira pa famu. Anayamba ndale ndi mipando ing'onoing'ono ya mumzinda, kenako anakhala bwanamkubwa wa chigawo china cholima chimanga chochuluka, ndipo chaka chomwecho n'kuti atangopatsidwa unduna. A Ganizani ankawerenga makwerero amenewa ndi zala, maso akuwala. Kaya munthuyo analidi momwe ankamufotokozera, ine sindikudziwa. Iye sankadziwa n'komwe kuti ku Hull kuli Mmalawi amene akudziyeza pa iye tsiku ndi tsiku.

Okutobala

Kwathu mvula ya dzinja lapitalo inadula chimanga chikumasula. Feliya anakolola zosadzaza n'komwe theka la kankhokwe kake, ndipo pofika Ogasiti anali atayamba kale kugula. Mudzi wathu uli kutsidya kwa mtsinje, kopanda foni. Kuti tiyankhulane, ankayenda kupita pa Thundu, pamsika pomwe alamu anga a Yohane, mng'ono wawo wa a Ganizani, anali ndi golosale ndi foni ya m'manja. Ndalama ndikatumiza zinkadzeranso kwa iwo.

"Ndalama ndalandira, achemwali," anatero Feliya tsiku lina, "koma chimanga chake n'chomwe kulibe. Kumsika wa boma chikafika, mzere umafika mpaka kumlatho. Kwa mavenda chidebe chimadzuka ndi mtengo wina, n'kugona ndi wina."

Lamlungu lina Amalawi a ku Hull, Bradford ndi Salford tinakumana mu holo ya tchalitchi ku Bradford. A Ganizani anaimirira. Kunena zoona, amuna anga ankayankhula bwino. Anati tisamatumize timandalama aliyense kwawo, chifukwa timangokadyetsa mavenda. Tisonkhe pamodzi, tigule chimanga kumalire a Mozambique chisanadulitsitse, tisunge pa Thundu, tidzagawe kumayambiriro kwa Disembala m'midzi yomwe yavutikitsitsa. Ena anafunsa kuti bwanji kwawo kwa iwo okha. Anayankha kuti kumeneko n'kumene mvula inakanitsitsa, ndipo zinali zoona.

Anthu anapereka. Mayi Nyirenda, namwino wachikulire amene tonse tinkamutenga ngati mayi wathu, anawonjezera mashifiti a Loweruka ngakhale mawondo ankawavuta. Mnyamata wina wa ku Salford anagulitsa galimoto yake yoyamba. Mwezi usanathe, a Yohane anatiimbira kuti matumba adzaza chipinda chonse cha kuseri kwa golosale. Ndinanyadira amuna anga mwezi umenewo.

Novembala

Ku Hull mdima unayamba kugwa ana asanafike n'komwe kunyumba kuchokera kusukulu. Mphepo ya kunyanja inkalowa mpaka m'mafupa ndikamadikira basi. Kwathu mvula inagwa bwino. Feliya anabzala mbewu yochita kupempha, pang'ono apa, pang'ono apo. Mwamuna wake atathandiza kubzala anawoloka kupita ku Mozambique kukafuna ganyu, monga anachitira amuna ambiri a m'mudzimo. Anzake a Feliya anayamba kugulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku. Banja lina linasasula malata pa nyumba mvula ikugwa.

A Ganizani n'kuti ali pa kompyuta, akutsatira nduna yawo ija, yomwe chaka chimenecho inkayendera zigawo za dziko lake kumva madandaulo a alimi.

"Taonani, mayi a Tadala. Munthuyu sakhala mu ofesi. Amapita yekha, alimi amuone nkhope. Ndiye chinsinsi chake. Dzina lopanda nkhope silivoteredwa."

"Nanga inu mukufuna kuvoteredwa ndi ndani?"

Anaseka. "Mukuganiza ndikuvutikira digiri kuti ndizikaphunzitsa ana kubzala nyemba? Chisankho chikubwera. Phungu wathu uja wakalamba. Ndiyambe uphungu, kenako unduna. Mnzanguyu anayambanso pansi."

Ankamutchuladi choncho, mnzanga. Ine ndinangoti n'zolota za amuna, ndipo ndinapita kuntchito.

Disembala

Sabata yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa, chimanga osagawidwa. Mayi Nyirenda ataimba, a Ganizani anawayankha mwaulemu kuti mafumu sanamalize kusankha mabanja, tikathamanga chidzagwera m'manja mwa olemera. Mayiwo anamvetsa. Ine ndinali kukhitchini, ndipo sindinamvetse.

"Bambo a Tadala, mafumu ake ati? A Yohane dzana anati palibe amene wapita kwa mfumu."

Anatseka chitseko kuti Tadala asamve, ngakhale mwanayo Chichewa ankangochimva patalipatali n'kumayankha m'Chingerezi.

"Khalani pansi ndikuuzeni. Tikagawa pano, anthu akadali ndi mango, akadali ndi mbuzi zogulitsa. Adzadya, n'kuiwala. Munthu amakumbukira amene wamupatsa pa tsiku limene wataya mtima. Tsiku limenelo ndi mu Febuluwale. Ndipo ndidzakhalapo ndekha."

"Chimangacho si chanu."

"Ndinachiganiza ndine. Popanda ine chikanakhala kuti? Inu ndinu namwino, mumaona wodwala mmodzi. Ine ndikuona dera lonse. Ndikadzalowa m'boma ndidzadyetsa anthu zaka ndi zaka. Ngakhale Aamerica chimanga chawo chachikasu chija sapereka mwachisawawa. Thumba lililonse limalembedwa kumene lachokera."

Ndinawauza kuti ndiimbira mayi Nyirenda. Nkhope yawo inafewa nthawi yomweyo. Anati ndawamva molakwa, akungoganiza chabe, agawa chaka chatsopano chikangolowa. Ndinati chabwino, koma Feliya alandire thumba lero. Anatenga foni, ine ndili pomwepo.

"Yohane, Feliya akabwera umupatse thumba limodzi. Eya, lathunthu. Usamuvutitse."

Ndinamva ndi makutu anga. Chimene sindinamve ndi foni yachiwiri, yomwe anaimba ali m'sitima tsiku lotsatira.

Pa Khirisimasi ndinafunsa Feliya ngati alamu a Yohane anamupatsa thumba lija. "Anandipatsa, achemwali. Zikomo." Sindinadziwe kuti a Yohane ankaima pambali pake nthawi yonse imene ankayankhula, komanso kuti chimene anamupatsa chinali beseni la madeya.

Januwale

Chaka chinalowa. A Ganizani anati misewu yaonongeka ndi mvula, galimoto singafike m'midzi. Ankabwera ndi chifukwa chatsopano sabata iliyonse, ndipo chilichonse chinali ndi kachoonadi kake.

M'minda chimanga chinali chobiriwira bwino, chofika m'chiuno, koma chosadyeka. Mango anali atatha. Feliya anati anthu akukumba mizu ya nthochi, ena akuphika zitedze tsiku lonse kuti zichoke poizoni. Mphekesera zinali ponseponse: kuti magalimoto a chimanga ali m'njira, kuti anafika kale koma chinagulitsidwa kwa mavenda, kuti chimanga chachikasu chimapha mphamvu za abambo. Azimayi ankagona pamzere kumsika wa boma, n'kubwerako ndi kathumba koti mwana anyamula ndi dzanja limodzi. Mwamuna wa Feliya sanamveke.

"Mwandida ali bwanji?"

"Akunenepa, achemwali, koma kunenepa kwake n'kwachilendo. Mapazi atupa. Tsitsi likufiira."

Ndinali nditaima m'khonde la wodi, pa nthawi yopuma masana. Ndinali nditaonapo ana otere ndisanachoke ku Malawi.

"Feliya, ndimvere bwino. Usabwererenso kumudzi naye osapita kuchipatala. Kuli wodi ya ana onyentchera. Thumba lija latha kale?"

Foni inachita phokoso, kenako ndinamva mawu a a Yohane. "Alamu, batire yatha. Musade nkhawa, timuthandiza."

Madzulo ake ndinawagwadira amuna anga, ine amene ndinkawalipirira chilichonse. Anandidzutsa, nati ndisalire, auza Yohane apeze galimoto. Kuyambira sabata imeneyo Feliya sanabwerenso pa foni. Ndikaimba, a Yohane ankati mtsinje wadzaza, anthu a kutsidya sakuwoloka, koma amva kuti mwanayo akupezako bwino. Ndinapempha tchuthi kuntchito. Anandiuza kuti nyengo yozizira wodi imadzaza, ndidikire mpaka Epulo.

Febuluwale

A Ganizani ananyamuka kumayambiriro kwa mwezi. Anati akukachita kafukufuku wa sukulu, ndipo agawiratu chimanga chija. Musutikesi munali kamera yatsopano, suti ziwiri, ndi chisoti chachikulu ngati cha alimi a ku America. Ndinalongedzamo mkaka wa ufa, chiponde, mankhwala, ndi kadilesi kachikasu ka Mwandida komwe Tadala anasankha yekha.

Ali kumeneko ankaimba mwachidule. Zonse zikuyenda bwino, anthu akondwa kwambiri. Feliya amuona, katundu amupatsa. Mwana? Ali bwino, akugona. Ndimuyankhule Feliya? Wabwerera kale kutsidya.

Anabwerako mwezi ukutha, atada ndi dzuwa, akuyenda ngati munthu amene wakula msinkhu. Masiku amenewo ankaimba nyimbo m'bafa.

Malichi

Tinakumananso mu holo ija ku Bradford, Lamlungu masana, kuti anthu aone kumene thandizo lawo linapita. Kunja kunali kamvula kowaza. Azimayi tinaphika mpunga ndi nkhuku. Anatseka makatani, n'kuyamba kuonetsa zithunzi pakhoma.

Choyamba chinali cha matumba ataunjikidwa pabwalo la sukulu. Thumba lililonse linali ndi dzina la a Ganizani m'zilembo zikuluzikulu. Mayi Nyirenda, amene anakhala pambali panga, anatsokomola. Kenako azimayi ovina, atavala nsalu zofanana. Manja awo anali ngati timitengo. Kenako a Ganizani atavala chisoti chija, akumvetsera nkhalamba ina, dzanja lili pachibwano. Anthu anaomba m'manja.

"Ichi ndiye chimene ndimachikonda," anatero a Ganizani, n'kusintha chithunzi.

Mzimayi atagwada, manja onse awiri atagwira thumba, a Ganizani atawerama akumwetulira kamera. Poyamba sindinamuzindikire. Masaya anali atalowa, khosi litatalika. Ndinamudziwira chipsera cha pachipumi chomwe anavulala tili ana. Mpango unali utasendera kumbuyo, ndipo m'mutu munalibe tsitsi. Kwathu mzimayi sameta mpala popanda chifukwa. Kumbuyo kwake kunalibe mwana.

Ndinaimirira. "Bambo a Tadala, Feliya wameta chifukwa chiyani?"

A Ganizani anandiyang'ana, n'kuyang'ana chithunzi. Ndinaona kuti sanaganizepo n'komwe za tsitsilo. Anali ataona nkhope yawo yokha.

"Tikakambirana kunyumba, mayi a Tadala."

"Mwandida ali kuti?"

"Ndinkafuna ndikuuzeni mutapumula. Munali ndi mashifiti ambiri."

"Liti?"

Anatsitsa mawu, koma maikolofoni inali idakali m'manja. "Kumapeto kwa Januwale."

Ndiye kuti pamene ndinkapinda kadilesi kaja, mwana anali kale m'manda, ndipo iwo ankadziwa. Anandiyang'ana ndikupinda.

Mayi Nyirenda anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mpando. "A Ganizani, chimanga chinafika pa Thundu mu Okutobala. Mwana wa mlamu wanu wafa mu Januwale, mtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo la chipindacho. Tatiuzani, chinkadikira chiyani?"

"Mayi, tisasakanize zinthu. Ana ambiri amwalira chaka chino, si wa Feliya yekha. Njalayi sindinaibweretse ine. Taonani anthu onsewa amene adya."

Ndipo ena m'holomo anagwedeza mitu movomereza. Bambo wina anati nkhani za m'banja zikakambidwe kunyumba, chachikulu n'chakuti thandizo linafika. Wina anatsegula makatani. Anthu anayamba kufola kukatenga mpunga. Mayi Nyirenda anatenga Tadala dzanja lina, ine dzanja lina, n'kutitulutsa. Ndinakhala kwawo sabata yonse.

Epulo

Ndinapita kumudzi tchuthi changa chitakwana. Sindinaonepo chimanga chotero. Kuyambira pamsewu waukulu mpaka kumtsinje, minda inali itauma bwino, zisononkho ziwiriziwiri. Ana ankakukuta misinde m'njira. Pamsika wa Thundu mavenda omwe aja ankachita kuitanira anthu, mtengo utagwa. Ndinadutsa pa golosale ya a Yohane osayang'anako.

Feliya ndinamupeza akusenda chimanga pakhonde. Tsitsi linali litayamba kumera. Mwamuna wake anabwerako mu Malichi ndi njinga yakutha, ndipo tsiku limenelo anali kumunda. Tinalira, kenako anandiperekeza kumanda. Pobwerera m'pamene anayamba kuyankhula.

"Kwa alamu a Yohane ndinapitako, achemwali. Kangapo konse. Tsiku lomaliza ndinali naye kumbuyo. Ndinagwada pakhomo la chipinda chija. Chimanga chinkachita kununkhira. Alamu a Yohane anati kiyi ali naye, koma lamulo lachokera ku Mangalande: thumba likatuluka limodzi, mudzi wonse ubwera kudzaswa chitseko."

"Nanga kuchipatala?"

"Anati galimoto ibwera mawa. Ndinadikira. Kenako ndinanyamuka wapansi. Anatigoneka, anamupatsa mkaka, koma adokotala anati ndachedwa naye." Anathyola kaudzu n'kumakapotokola. "Ndinawafunsa alamu a Yohane kuti, achemwali anga akudziwa zimenezi? Anati, nanga iwo ndi a Ganizani si banja limodzi, amagona nyumba imodzi."

"Ndiye unakhulupirira?"

"Ndinkati mwina kumeneko anthu amasintha."

Anapitiriza yekha, mawu ake osakwera, osatsika. Tsiku logawa anawasonkhanitsa m'mawa kuti aphunzire nyimbo ya dzina la alamu a Ganizani. Anaima padzuwa mpaka masana, ena akugwa. Matumba atatsegulidwa, ambiri a pansi anali atafumbwa, ufa wokhawokha ndi anankafumbwe, chifukwa palibe anathiramo mankhwala. Iye anamuitana kutsogolo chifukwa ndi wachibale. Atajambula, anyamata analanda thumba lija n'kuliika m'manja mwa mzimayi wotsatira. Pomaliza aliyense analandira chidebe chimodzi.

"Kadilesi kaja?"

"Anandipatsa. Ndinakasinthitsa ndi chinangwa. Mundikhululukire, wamkuluyu anali asanadye."

Meyi

Nditabwerera ku Hull ndinapeza nyumba ina yaing'ono kufupi ndi chipatala, n'kusamuka ndi Tadala. A Ganizani anatumiza abusa, anatumiza akuluakulu. Onse ankati ndiganizire mwana, munthu amalakwa, ndipo amuna anga ali ndi tsogolo. Fizi ya teremu yomaliza anawalipirira anthu ena a mu holo momwemuja. Digiri anakhoza bwino kwambiri. Ndinamva kuti aphunzitsi anayamikira mutu umene analemba wokhudza nduna ija ndi alimi ake.

Patapita nthawi nduna ija inasiya unduna kukapikisana nawo pa mpando wa ku nyumba ya malamulo ya kwawo, ndipo inapambana. A Ganizani anandiimbira tsiku limenelo, ati kufunsa za Tadala, koma sanachedwe kunena kuti mnzawo wapambana, tsopano yatsala nthawi yawo. Anabwerera ku Malawi, anakwatira wina, ndipo mu 2009 anaimira dera lathu.

N'kuti Feliya ali ndi foni yakeyake imene ndinamugulira. Anandiuza kuti chithunzi chija achisindikiza chachikulu, achikhoma pa mitengo kuyambira pa Thundu mpaka kutsidya, ngakhale pa mkuyu wa panjira ya kumanda. Ana a sukulu ankamutchula kuti mayi a pathumba. Palibe anamupempha chilolezo.

A Ganizani anapambana. Zotsatira zitatuluka ndinamuimbira Feliya, nditakwiya kwambiri, n'kumufunsa kuti anthu a kwathu ali ndi mitima yotani, anthu amene anaona zonse ndi maso awo.

"Musawanene, achemwali," anatero. "Inenso ndawavotera."

Ndinamufunsa chifukwa chake.

"Mayina a olandira makuponi a feteleza akulemba ndi anthu a alamu a Yohane. Amadziwa mudzi umene wavota bwanji. Inu muli kutali. Ine ndatsala ndi mwana mmodzi."